Galasi Lakuda la ku Kabulonga

Nkhaniyi anaifotokoza Salifyanji mwini wake, Lachitatu lina masana magetsi atathima ku situdiyo yotsuka zithunzi m'tauni, makina ali zii, makasitomala atabwerera pakhomo.

Zinachitika zaka zija makampani a boma ankagulitsidwa, anthu n'kumachotsedwa ntchito m'magulumagulu. Ntchito ya Salifyanji inatsala, chifukwa ngakhale zinthu zivute anthu amakwatiranabe, ndipo amafuna zithunzi. Tsiku lonse ankakhala m'kachipinda kamdima kuseri, fungo la mankhwala lili m'mphuno, kutsuka maukwati a eni ndi maliro a eni. Akaweruka ankathamangira minibasi ya ku Chelstone, chifukwa mayi wa nyumba yoyandikana amene ankamusungira amayi ake masana ankafuna kubwerera kwawo dzuwa lisanalowe. Amayi akewo sitiroko inawapha mbali yakumanja. Kudya, kusamba, kuchimbudzi, zonse zinkadikira Salifyanji.

Panali kasitomala wina, ba Charlotte a ku Kabulonga, mayi wa imvi amene ankakana makina. Filimu yawo ankafuna itsukidwe pamanja. Tsiku lina pepala lawo litayamba kugwira chithunzi m'beseni la mankhwala, Salifyanji anaona miyala ikuluikulu yakuda, koma pansi pa miyalayo panali choyera chosalala ngati utsi wogona. Mtima unamudumpha, poganiza kuti waononga filimu ya eni.

Ba Charlotte atabwera anaseka mpaka kugwira kauntala.

"Iwe Sali, sunaononge kanthu. Iyo ni nyanja yamchele, ku Dar."

"Manje madzi ali kuti, ba madamu?"

"Ni yamene aya."

Anatulutsa m'chikwama kagalasi kozungulira, kakuda bii, koti ukayang'anamo suona ngakhale dzuwa bwinobwino. Anati kagalasiko amakamanga kutsogolo kwa kamera kuti kuwala kuzilowa pang'onopang'ono. Kamera imaima pa miyendo yake itatu, diso lake n'kukhala chotsegula nthawi yaitali, wojambula atakhoma kachingwe kotsegulira disolo. Mafunde amabwera, amabwerera, amabweranso, ndipo palibe limodzi limene limakhala pamalo kuti ligwidwe. Chimatuluka bwino ndi mwala, chifukwa susuntha.

Salifyanji nyanja anali asanaionepo. Madzi aakulu amene ankawadziwa ndi a Kafue, ndipo anawaonera pawindo la basi.

"Phewa langa lakana kunyamula miyendo ya kamera," ba Charlotte anatero. "Nifuna munthu wodziwa filimu. Kumapeto kwa mwezi tikwela sitima ya ku Dar pa Kapiri. Sitikhalitsa. Tiye."

"Ba mayo adwala."

"Ndiwe weka wobadwa m'mimba mwawo?"

Sanali yekha. Kunali mlongo wake wamkulu, ba Abson, ku Kabwata, ndi akazi awo ba Febby ogulitsa salaula, zovala za kaunjika. Ba Charlotte anamubwereka kamera yakale, miyendo yake ndi galasi lija kuti ayambe kuzolowera. Atawauza kuti alibe wotchi, anamufunsa ngati amaimba kwaya.

"Ukatsegula, imba ndime ziwili za nyimbo ya pamalilo, zija zokoka. Ukasiliza, tseka."

Lamlungu ataweruka kutchalitchi, ba Abson anabwera ndi banja lonse. Amayi anawatulutsa panja pa mpando wawo wa mikono, pafupi ndi chingwe choyanikira. Salifyanji anayala nkhani yake mosazungulira.

"Aa, pita Sali, ukaone madzi!" ba Abson anatero akumenya ntchafu. "Nanga ise tafa? Febby azabwela kugona kuno. Koma utibweletseleko nsomba, osati mwamuna wachiswahili."

Ana anaseka. Ba Febby ankachotsa ulusi pa chitenge chawo.

"Si so, Febby?" ba Abson anafunsa.

"Tizaona, mulamu," ba Febby anauza Salifyanji osadzutsa mutu.

"Tizaona ni inde kapena ni iyayi?" Salifyanji anafunsa.

"Iwe naiwe, wamva kuti tizaona," ba Abson anadula. "Ufuna alumbile pa Baibulo?"

Ku Chelstone kulibe mafunde, koma kunali mphepo ya Ogasiti, ndipo pachingwe panali nsalu zogonera za amayi, zimene Salifyanji ankachapa m'mawa uliwonse. Zinkakupiza mwamphamvu. Anaganiza zoyesa ngati zingasanduke utsi monga madzi aja. Anaimika kamera pafupi ndi mpanda, anamanga galasi lakuda, anatsegula diso n'kukhoma kachingwe, kenako anayamba nyimbo chamumtima.

Mzere woyamba usanathe, amayi anayamba kupendekera mbali yakufa ija. Ankatero akatopa. Ba Abson anali pomwepo koma anali kalikiliki kufuna chipewa chawo. Salifyanji anathamanga, anakhala pa mkono wa mpando n'kuwatchinjiriza ndi phewa. Amayi anamugwira padzanja ndi dzanja lawo lamoyo, kugwira kwenikweni.

Alendo anayamba kutsanzika. Ba Abson anagwada pang'ono, anawapatsa moni amayi, anadzuka. Ba Febby anawomba m'manja kawiri, anapita. Ana anathamangitsana kuzungulira mpando, wina anabwerera kudzatenga nsapato. Salifyanji anangokhala duu, chifukwa akanasuntha amayi akanagwa. Anamaliza ndime ziwiri, anawonjeza yachitatu. Dzanja la amayi linamumasula geti litatsekedwa, ndipo m'pamene anakatseka diso la kamera.

Filimuyo anaitsuka mawa lake nthawi ya nkhomaliro, anzake atapita kukadya. Nsalu zija zinasandukadi utsi woyera, wosalala ngati nyanja ya ba Charlotte. Anakondwa kanthawi. Kenako pepala linapitiriza kugwira. Khoma la nyumba linatuluka, mpopi, mpando. Pampando panali amayi, makwinya onse akuoneka. Pambali pawo panali iyeyo, diresi la kutchalitchi, nkhope ili gwa, maso ali pansi. Pabwalo panalibenso wina. Pamene panagwada ba Abson panali kamthunzi kotuwa, koti munthu angaganize kuti ndi dothi pa pepala.

Anayang'ana chithunzicho mpaka mnzake anagogoda pachitseko kufunsa ngati wakomoka ndi mankhwala.

Ba Charlotte atachiona anati waidziwa ntchito, ayambe kulongedza. Anamuuzanso kuti agule nsapato za pulasitiki, chifukwa miyala ya kunyanja imacheka. Salifyanji anavomera ndi mutu. Nsapatozo sanagule. Chikwama sanachitsitse pamwamba pa wadiropu.

Kunyumba anawaonetsa amayi chithunzicho. Anachibweretsa pafupi ndi diso lawo labwino. Mawu awo ankatuluka movuta, mbali imodzi ya pakamwa.

"Abson ali kuti? Anali pano."

"Anali kuyendayenda, ba mayo. Galasi ili siligwila oyenda."

"Febby?"

"Naiwonso."

Amayi anakankha chithunzicho ndi chala.

"Pita," anatero. "Pita, mwana wanga."

"Nanga azakutembenuzani ndani?"

Amayi anatembenuzira nkhope kukhoma, ndipo Salifyanji anapita kukatenthetsa madzi.

Sabata yomaliza ya mwezi, foni ya pakauntala inalira, abwana n'kumuitana. Anali ba Abson. Anayamba ndi kufunsa za thanzi la amayi, za mphepo, za kukwera kwa mtengo wa ufa. Pomaliza anati ba Febby atsegula belo latsopano la salaula, sangasiye msika, ana ali ndi mayeso, iwonso kuntchito kwawo mayina a ochotsedwa akutuluka, munthu sangasowe ngakhale tsiku.

"Nyanja siithawa, Sali. Uzapita chaka chamawa."

"Namva, ba Abson."

"Sunakalipe?"

"Namva."

Pofotokoza apa Salifyanji sanakweze mawu. Anapukuta kauntala ndi kansalu, n'kuyang'ana babu ngati magetsi abwera.

"Nditatsitsa foni ndinapempha abwana kuti ndiweruke msanga," anatero. "Ndinanyamula katundu wa eni, kamera, miyendo ndi galasi lija, kupita ku Kabulonga. Mlonda anati madamu alipo, ndilowe. Ndinamupatsira pageti pomwepo. Ndiye ndinakwera minibasi, n'kutsikira pamsika wa Chelstone kugula mafuta odzola, chifukwa msana wa ba mayo unali utayamba zilonda."