Phala la Masana M'mwezi wa Ramazani

Komatu iwo sakudwala, a Fakiri, ayi ndithu. Mawondo okha ndiwo amalira, nanga wa msinkhu wawo ndani alibe mawondo olira? Kugwa kuja mu mzikiti Lachisanu chinali chizungulire chabe, koma taonani mmene nkhani yakulira: mwana wawo Abdulhamid wathamangira kwa ashehe, ashehe agamula kuti nkhalamba yofooka isafunge Ramazani, ingodyetsa wosauka m'malo mwake, basi mlandu watha, mwini thupi osafunsidwa. Ati ndi matipate, aliyense ali ndi ufulu wolankhula — aliyense kupatula iwo.

Dzuwa lili paliwombo, Sumaiya, mpongozi wawo, anagwada pakhonde, n'kuika phala lampunga ndi chikho cha madzi.

"Bambo, mudyeko."

"Ndafunga."

"Ashehe atero," anatero mayiyo maso ali pansi, n'kuchoka.

Phala lamasana amalidziwa bwino. Mkazi wawo Mwanahalima, amene ankawadzutsa kudya daku tambala asanalire, naye analandira lotere, m'mbale yomweyi, ndipo Ramazani yotsatira sanaione. Anzawo a m'ngalawa chimodzimodzi, amayamba kudya masana, kenako kuswali mu mzikiti chokhala, kenako anthu n'kumawapatsa moni mokweza ngati ogontha — ndiye lero mbale yafika pa iwo, iwo amene ankapalasa kuchokera ku Liwaladzi mpaka padoko kukamwa kuli gwaa, osalawa ngakhale dontho. Kapena Abdulhamid watopa nawo? Ayi, mwanayo ankalira powanyamula, anamumva. Ndiye waona chiyani pankhope pawo chimene iwo sakuchiona? Mantha anawagwira, mantha enieni: akangomeza, avomera, ndipo palibe adzawawerengenso pakati pa amuna.

Lilime linali ngati chikopa chouma. Khonde linayamba kupendekeka monga unachitira mzikiti tsiku lija, anatsinzina, n'kumapempha Mulungu kuti angowafikitsa kolowa dzuwa, lero lokha, mawa adzapemphanso.

Anadzidzimuka ndi azana ya alasiri, yoitanira mapemphero a chakumadzulo. Mthunzi unali utasuntha, ntchentche zili mbuu paphala losakhudzidwa. Koma madzi m'chikho anali pakati.

Nkhuku mwina — pakhomo pano nkhuku zilibe mwambo. Kapena anagunda ndi phazi, koma pansi panali pouma. Kuseri kwa mpanda Sumaiya anali atasiya kupeta, ngati akumvetsera.

Anakweza dzanja pang'onopang'ono n'kugwira ndevu. Zinali zonyowa.