Khobidi la Enelesi

Ana a masiku ano sadziwa khobidi, ndikukuuzani. Nditatulutsa la K10, lija la njovu, m'kalasi mwanga ku Nsaru, Sitandade 4 yonse inangoti kukamwa yasa. Ndinalizunguza patebulo. Linavina, kuwala kwake kukuyendayenda kumalata, ana ali zii mpaka linagona.

Ndinawafotokozera kapangidwe kake. Mmisiri amayamba wajambula, kenako amagoba chithunzicho pachidindo cholimba, makina n'kumadinda patizitsulo tozungulira. Ndinawauzanso kuti akafuna kuikapo munthu amamuika cham'mbali, kuti mphuno ndi chibwano zioneke.

“Mawa aliyense abwere ndi dongo la kudambo ndi munga wa mthethe,” ndinatero. “Mudzaumba khobidi lanulanu.”

Anzake atatuluka, Enelesi anatsalira. Ndi kamtsikana kofatsa, kokhala kumbuyo kwenikweni.

“Madamu, ine ndikufuna kuikapo amayi. Koma nkhope yawo ikundithawa.”

Mayi ake anamwalira iye ali ndi zaka zitatu, ndipo kwawo kunalibe chithunzi n'chimodzi chomwe. Ine ndi phuma langali ndinangoti, “Udzatsinzine, adzabwera okha.”

Tsiku lotsatiralo kunatentha koopsa. Tinakakhala pansi pa mtengo wa mango, fungo la dongo lonyowa lili ponseponse. Hopeson anagoba njinga ya kabaza, Timothy tsamba la fodya. Enelesi anangokhala chotsinzina, dongo lili m'manja, thupi likuwerama ndi kuweramuka pang'onopang'ono. Ankang'ung'udza kanyimbo kosamveka bwino. Ndinkayesa akusinza. Patapita nthawi anatola munga wake n'kuyamba kugoba, maso atangotsekula pang'ono.

Nditafika pa iye ndinapsa mtima. Pakhobidipo panali chinthu chobulungira, kamfundo pamwamba, ndi khutu limodzi. Maso panalibe, pakamwa panalibe.

“Iwe, kodi chimenechi n'chiyani? Dzungu? Ndinati cham'mbali! Mphuno ili kuti? Fufuta, uyambirenso.”

Anzake anafa nalo phwete. Enelesi anaphimba khobidilo ndi chikhatho.

“Ayi Madamu, musafufute chonde. Ndi amayi amenewa. Ndinatsinzina monga munanenera, ndipo anabweradi. Timapita kumunda wa mtedza, akuimba. Koma sanacheuke.”

“Sanacheuke bwanji?”

“Ine ndinali kumsana.”

Ndinagwada n'kuyang'anitsitsa. Mfundo ija inali ya duku. M'munsi mwake munali khosi, ndipo pakhutupo panali kandolo. Mayo ine! Zonse zimene mwana woberekedwa amaona zinali pomwepo, osasiyapo kanthu. Manyazi anandigwira, misozi n'kulengeza ana onse akuona, ine munthu wosaseka, amene amanditcha Madamu Chikoti.

“Madamu,” anatero Enelesi motsitsa mawu, “likauma silisweka, eti?”

Dongo losawotcha silichedwa kusweka, ndinkadziwa. Ndinamuuza kuti likauma ndikalipereka ndekha kwa mayi woumba mbiya kumudzi kwathu, akaliwotche pamodzi ndi mbiya zake.

Anandipatsa. Ndinalilandira ndi manja awiri.