Katoni ya pa Njinga ya Gregorio

Gregorio ananyamulapo zambiri pa njinga yake ya kabaza: matumba a chimanga ochokera ku Milange, amayi apakati, nkhumba yomanga miyendo, ngakhale bokosi la maliro. Koma katundu amene anamusiyira chilonda mumtima anali katoni imodzi ya mabuku makumi anayi, yosalemera n'komwe.

Inali nyengo ya mvula. Kampani ina ya ku Blantyre yosindikiza mabuku a ana inatuma wantchito wake, a Vincent, kudzayendera masukulu khumi ndi awiri a pakati pa Chitakale ndi Muloza. Galimoto yawo inali yaulemu wake, yosafuna matope, ndiye inkathera pa tala. A Vincent ankakwera njinga yamoto atakolekera kamera m'khosi, katoni n'kumatsatira pambuyo pa njinga ya Gregorio.

Pasukulu iliyonse mwambo unali umodzimodzi. Aphunzitsi ankasankha ana makumi anayi a yunifolomu yosang'ambika, kuwasambitsa m'manja, n'kuwakhazika pansi pa mtengo, aliyense buku lake. "Sekererani! Kwezani buku m'mwamba!" ankatero a Vincent. Kamera ikakhuta, mabuku ankatoleredwa n'kubwerera m'katoni. A Vincent ankawasiyira ahedi mawu okoma akuti awa ndi oonetsa chabe, anuanu akubwera. Gregorio ankamanganso katoniyo ndi mphira, ulendo wa ku sukulu ina.

Tsiku lachitatu anafika pasukulu ya mwana wake Esteri, wa Sitandade 4, kuseri kwa Limbuli. Esteri anali m'gulu la osankhidwa. Anzake akuonetsa mano ku kamera, iye anali ataweramira m'buku, milomo ikuyenda. A Vincent zinawasangalatsa, anamujambula kasanu, kenako anatambasula dzanja kuti abweze. Mwanayo analigwiritsitsa bukulo mpaka aphunzitsi anamuponyera diso.

Madzulo Gregorio akutsuka matope ku njinga, Esteri anadzanjuta pambali pake.

"Ababa, buku lija ndi la mtsikana dzina lake Kondie. Mbuzi yake inawoloka mtsinje kupita ku Mozambiki. Anaitsatira, n'kuipeza yomangidwa pakhomo pa bambo wina wachilendo. Ndalekera pomwepo, tsamba naini. Mawa muli nawonso mabuku aja, eti? Mukandionere ngati anamubwezera."

"Ndikakuonera," anayankha Gregorio mopepuka, ngati wamutuma mchere.

Paja amati lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane. Gregorio sankadziwa kuwerenga. Malire a Mozambiki anawoloka ali kumsana kwa amayi ake pothawa nkhondo, ndipo zaka zimene anzake ankaimba a-e-i-o-u iye ankalima maganyu. Esteri sankadziwa zimenezi. Akabweretsa makope ake, bambo akewo ankawatsegula n'kumagwedeza mutu mwaukatswiri, ndipo chinsinsi chinkagona bwinobwino.

M'mawa mwake anayamba ndi njira yaulemu.

"Bwana, mwana uja munamujambula kwambiri dzulo ndi wanga. Simungatibwerekeko buku limodzi mpaka mawa? Libwera lopanda banga."

"Aa, madala, n'zosatheka. Likasowa limodzi ndiye kuti mwana wina aoneka chimanjamanja pa chithunzi. Muuzeni adikire, awo akubwera."

"Nanga tangondiuzani. Mbuzi ija anamubwezera?"

A Vincent anaseka chikhakhali. "Mbuzi iti? Ine ndili mbali ya malipoti, madala. Zowerenga nthano n'za ana."

Masiku anapita, Gregorio akupalasa yankho la mwana wake kumbuyo kwa chishalo, osatha kulifikira. Kufunsa aphunzitsi pamaso pa ana kunali kudzivula pagulu. Kunyumba ankangoti lero kunali changu, tiona mawa.

Tsiku lomaliza, polowera ku Muloza, analeka njinga yamoto ipite patsogolo. Anaima m'munda wa tiyi, anamasula mphira, n'kusolola buku limodzi mobisa, ngati kuti katundu amene wamukhetsera thukuta masabata awiri akumuba. Chapafupi panali mayi wina wothyola tiyi, dengu lili kumsana.

"Mayi, pepani, mumatha kuwerenga izi?"

"Nada, sinditha, achimwene. Ndikanamatha bwenzi ndili muno?"

Komabe mayiyo anayandikira, ndipo anthu awiri akuluakulu anayamba kutsatira zithunzi ndi chala. Patsamba lomaliza bambo wachilendo uja anali atagwira chingwe, Kondie atagwiranso chingwe chomwecho, mbuzi ili pakati. Pansi pake panali mizere itatu ya mawu.

"Akumupatsa," anatero mayiyo. Anayang'anitsitsanso. "Kapena akumulanda. Nkhope ya bamboyu sindikuikhulupirira."

Mizere itatu yokha! Gregorio anaiyang'ana mpaka maso kuwawa, koma inangokhala duu, yosamumvera chisoni. Apo foni inalira. Anali a Vincent, kufunsa kuti ali pati poti ana asamba kale m'manja.

Madzulo amenewo akanatha kunama. Akanangoti anamubwezera, mwana n'kusangalala, nkhani n'kutha. Koma nanga mabuku awoawo akadzabwera, Esteri n'kudziwerengera yekha?

"Esteri, ine ndaona zithunzi zokha," anatero akuyang'ana tcheni cha njinga. "Onse awiri agwira chingwe. Zilembo sindimazidziwa, mwanangu. Sindinapiteko kusukulu."

Esteri anati, "Palibe kanthu, ababa. Athu akubwera."

Gregorio akanakonda mwanayo akanalira. Chifundo chimenecho chinamupweteka kuposa misozi.

Mvula inatha, chimanga chinalowa m'matumba, teremu ina inayamba. Mabuku aja osaoneka. Akuluakulu sananame kuti fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Chimene chinafika ndi chipepala chachikulu chonyezimira, chimene ahedi anachimata pachitseko cha ofesi: nkhope ya Esteri, ataweramira m'buku. Pasiteji ya Limbuli anzake a kabaza ankamuwomba pamsana kuti mwana wako watchuka, ife utikumbukire. Iye ankangoseka nawo.

Lamlungu lina masana, atabwera kutchalitchi, wailesi inalengeza kuti kampani ija yalandira mphoto ku Lilongwe chifukwa chofikitsa mabuku kwa ana zikwi khumi ndi zisanu m'boma la Mulanje. Mawu a a Vincent anamveka, osalala ngati opaka mafuta: "Tikunyadira kuti lero mwana wa kumudzi ali ndi buku m'manja." Gregorio sanafunike sukulu kuti amvetse masamu amenewo. Akampaniwo anali atangowonkhetsa ana onse olembedwa m'masukulu khumi ndi awiri aja, ngakhale amene ankasuzumira pawindo. Mkwiyo unamukwera, anatambasula dzanja kuti atseke wailesiyo.

Esteri anamugwira mkono, nkhope ili ngwee.

"Ababa, mwamva? Zikwi khumi ndi zisanu! Ndiye kuti kwinaku analandira, ife tokha anatidumpha. Inu mumayenda konsekonse. Mukanyamula mwana wasukulu muzimufunsa za mbuzi ija. Onsewo sipangalephere mmodzi wodziwa."

Gregorio ankawadziwa masukulu onsewo, chithaphwi ndi chithaphwi cha njira zake. Ankadziwa kuti mwa ana zikwi zonsezo, amene anafika patali ndi nkhani ya mbuzi ija ndi yemweyu wamugwira mkonoyu. Anatsegula pakamwa kuti amuuze. Koma Esteri anali atathamangira kale m'nyumba, akung'amba pepala m'kope lake kuti alembepo funsolo ndi zilembo zikuluzikulu, ababa ake asamavutike kufotokoza, azingowaonetsa anawo.