Nyumba ya Tsidya Lina la Mlatho

Chikalata chimene mayi Lorene Tackett anachidikira zaka zinayi chinabwera ndi masiku ake owerengeka, makumi asanu ndi limodzi. Chinali cha boma, chothandiza pa lendi. Ukapeza nyumba m'masiku amenewo, boma limakulipirira gawo lalikulu mwezi ndi mwezi. Ukalephera, chikalata chimafa, dzina lako n'kubwerera kumchira kwa mndandanda.

Sankafuna zapamwamba. Kanyumba ka chipinda chimodzi kakanakwana, bola kakhale mtunda woyenda pansi kukafika kunyumba yosungirako okalamba, kumene amuna awo, a Dewey, ankakhala chaka chachitatu tsopano. Matenda oiwala anali atawadya mutu a Dewey. Dzina la akazi awo linawachoka kalekale, koma pakamwa ankatsegula pokhapokha supuni ikakhala m'manja mwa mayi Tackett. Anamwino akayesa, bamboyo ankaluma mano n'kuyang'ana kukhoma. Choncho kaya mvula kaya chisanu, nthawi ya nkhomaliro mayi Tackett ankakhala ali pamenepo.

Nyumba imene anachitamo lendi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi inagulidwa ndi kampani ina yakutali, n'kuisandutsa mogona alendo odzaona mapiri. Iwo anakabisa mutu m'kachipinda ka kuseri kwa galaja ya mnzawo wakutchalitchi, amene anali atayamba kale kufunsa mwaulemu kuti zofunafuna zikuyenda bwanji.

Chaka chilichonse boma limatulutsa mtengo wa lendi umene limati ndi woyenera pa kaunti iliyonse, ndiye kuti dera lililonse lokhala ndi ulamuliro wakewake. Ku kaunti ya Marlow, kumene kuli tauni ya Ansley Gap, linati madola 1,050. Anthu olemba nambala zimenezi sanagogodepo pachitseko cha mwini nyumba aliyense. Nyumba zambiri zinali zitadutsa kale mtengo umenewo, ndipo zochepa zotsalazo eni ake akangomva za chikalata ankadula foni, ena osatsanzika n'komwe.

Pa tsiku la 41 mayi Tackett anaipeza nyumba. Kanali kanyumba kamatabwa ka bambo wina wogulitsa matayala, a Harlan Sizemore, kungowoloka kamlatho kakumapeto kwa tauni. Lendi yake 990. Mayi Tackett anayenda pansi kuchokera pakhonde pake mpaka kwa a Dewey, wotchi ili m'manja: mphindi makumi awiri ndi zisanu. Anayeza mawindo ndi chingwe cha nsapato. Pa nkhomaliro anawauza amuna awo kuti kuseri kuli mtengo wa maapulo, a Dewey n'kumangotafuna.

M'mawa mwake anapita nawo mapepala ku ofesi ya zanyumba. Shondra Pruitt, amene ankasunga fayilo yawo, analemba adiresi pakompyuta, n'kudzutsa mutu.

"Mayi Tackett, nyumbayi ili tsidya lina la mlatho?"

"Kungowoloka basi. Bwanji?"

"Uko ndi ku kaunti ya Pickard, mayi. Malire ndi kamtsinje kaja."

Mayi Tackett anatulutsa envelopu imene a Sizemore analembapo adiresi, n'kuloza ndi chala pamene panalembedwa kuti Ansley Gap. Anati wonyamula makalata wa mumsewu umenewo ndi yemwe uja wa kwawo, amamudziwa ndi amayi ake omwe. Shondra anafotokoza kuti apositi ali ndi malire awo, akaunti ali ndi awonso. Anafunsa ngati sanaone manambala a magalimoto oimikidwa mumsewumo, poti onse alembedwa Pickard.

"Mwana wanga, ine galimoto ndinayendetsapo liti? Ndiziyenda ndikuwerenga matako a magalimoto a eni?"

Shondra anafuna kuseka, koma nkhani yake sinali yoseketsa. Mtengo wa boma ku Pickard unali 720. Kauntiyo ndi mapiri ndi minda yokhayokha, nyumba zake n'zotchipa chifukwa kulibe ntchito, ndipo kamsewu kamodzi kotsamira tauniko kanamira m'chiwerengero cha midzi yonseyo. Lendi ya m'tauni, thandizo la kumudzi.

Mayi Tackett anati yotsalayo alipira okha, adula foni, azidya nyemba. Shondra anapukusa mutu. Lamulo sililola kuti munthu alowe m'nyumba imene idzamudyera ndalama zopitirira magawo anayi mwa khumi a zimene amalandira. Akuti n'loteteza osauka. Linawateteza mayi Tackett mpaka kuwasiya panja.

Mayi Tackett anakawapeza a Sizemore akupopa tayala. Zotsitsa mtengo anakana, anati msonkho ndi inshuwalansi sizimva chisoni. Kenaka anatsitsa mawu: papepala alemba 720, yotsalayo izibwera mu envelopu, ndi mmene aliyense amachitira.

"Nanga mwezi umene envelopu idzapepuke?" anafunsa mayi Tackett.

"Aa, mayi, inu ndi ine tikanganirenji? Tidzaona pamenepo."

Mayi Tackett anaima pakamlatho pobwerera, kuyang'ana timadzi tosafika n'komwe m'mawondo. Akagwidwa ndi za envelopuzo, chikalata chipita mpaka kalekale. Akapanda kugwidwa, penshoni yawo singapirire miyezi itatu, ndipo tsiku lothamangitsidwa sadzakhala ndi pepala loonetsa munthu. Sanabwererekonso.

Masiku otsalawo anathera pafoni. Anagogoda ngakhale pa nyumba zopanda chikwangwani. Madzulo ankakhala pabedi m'kachipinda kaja, kumvera banja la eni nyumba likuseka patebulo kuseri kwa khoma, iwo akudya buledi pa mbale yapepala. Mnzawo uja anawauza, maso ali pansi, kuti mwana wake akubwerako ku usilikali kumapeto kwa mwezi.

Pa tsiku la 57 Shondra anaimba. Kwapezeka malo ku likulu la Pickard, m'nyumba zosanja za okalamba, lendi 700. Ndi mtunda wa mamailosi 38. Basi ya okalamba imabwera ku Ansley Gap Lachiwiri ndi Lachisanu. Mayi Tackett anafunsa kuti nanga masiku asanu enawo munthu adya chiyani. Komabe anasaina mawa lake.

Lolemba lomaliza anapempha Yolanda Beasley, mayi wamkulu ndithu amene ankasamalira odwala a mbali imeneyo, kuti akhale nawo pa nkhomaliro. Anamuphunzitsa zonse. Akhale kumanzere, poti khutu lakumanja la a Dewey linafa ku mgodi. Supuni isadzaze. Aikhudzitse pamlomo wam'munsi n'kudikira, asakankhe. Asanene kuti idyani, azingokamba za nyengo, kaya za mtengo wa petulo, chilichonse.

Yolanda anayesa. A Dewey analuma mano, maso kukhoma. Anayesanso kawiri, mbatata yopondaponda n'kuyamba kuzizira.

"Amuna anuwa sadziwa mkazi wokongola," anatero Yolanda. "Ine anthu amandilimbirana kunjaku, Dewey, wamva?"

Mayi Tackett anavula juzi yawo yobiriwira, imene inkanunkhira sopo wawo ndi mafuta opaka m'mawondo, n'kumuveka Yolanda pamapewa. Anatuluka m'chipindamo n'kukaima pakhonde lam'kati, msana kukhoma, pamene a Dewey sakanawaona.

Kwa kanthawi supuni sinamveke. Yolanda ankakamba za mvula ya sabata yatha. Kenaka supuni inalira pambale. Inaliranso. Mayi Tackett anagwira pakamwa.

"Mwachedwa lero," anamveka mawu a a Dewey, okhuthala, opita kwa mayi wovala juziyo.

"Pepani bambo, basi inachedwa," anayankha Yolanda.

Mayi Tackett anamvera mpaka supuni inayamba kukanda mbale yopanda kanthu. Anafuna kusuzumira kuti atsanzike, koma anaopa kuti nkhope ziwiri ziwasokoneza. Anatsika masitepe manja atapinda pachifuwa, poti kunja kunali kamphepo, n'kupita kukamanga makatoni.