Tayipi Yamawaya ya a Silvester

A Silvester anakhala mlembi wa kopaletivi ya alimi a mbatatesi ku Lizulu kwa zaka makumi awiri, ndipo makalata onse ankalemba pa tayipi yawo yakale yolira belu. Zala zinkadziwa zokha pogwera, moti ankatha kutayipa uku akukangana ndi munthu za mtengo wa feteleza. Mavuto anabwera ndi kompyuta. Komiti itaigula, kalata yoyamba imene a Silvester analembamo inatuluka ngati papalasa nkhuku. Anawapatsa mwezi umodzi kuti asinthe, apo ayi ulembi upita kwa wina.

Zinawapweteka mtima kwambiri. "Kiyibodi yachibwana iyi!" ankatero. "Mabatani osalala chonchi, chala chingadziwe bwanji pamene chili?"

Pauline, namwino amenenso ndi mwana wa mlongo wawo, anawapeza tsiku lina foni ataigunditsa pamphuno. "Amalume, kiyibodi mukuinamizira," anatero. "Maso anuwa ayera pakati, ndikuganiza kuti ndi ng'ala. Tiyeni akakupimeni. Imachotsedwa imeneyi, ndipo ambiri amaonanso bwinobwino."

Koma a Jasper, mnzawo wa pabawo, anali ndi nzeru zina. "Musayerekeze, achimwene! Diso salowetsamo mpeni. Pitani kwa Idris wokonza mafoni uja, ndamva kuti tayipi imatheka kuilumikiza ku kompyuta." Munthu amatola malangizo omukomera m'khutu. M'mawa mwake tayipi inali pa kaliyala wa njinga.

Idris anaizondotsa, nakanda m'mutu. "Kutheka zimatheka, bambo, ndinaonapo pa intaneti. Pansi pa batani lililonse pafunika waya wake, kenako kabolodi kotumiza chilembocho ku kompyuta. Koma si ntchito ya lero ndi mawa ayi."

Sananame. Kabolodi kanachedwa kufika kuchokera ku Lilongwe. Katafika, magetsi anayamba zawo zija. Mawaya ena akawotcherera lero, mawa athothoka, chifukwa tayipi imafuna kumenya ndi mphamvu. A Silvester ankafika pashopu tsiku lililonse, kukalipa, kubwerera. Pauline akayamba za maso, iwo ankangoti, "Iwe, dikira makina athe kaye."

Sabata yachinayi ntchito inatheka. A Silvester anakhala pampando, zala n'kuyamba kuthamanga, tayipi n'kumalira ngati kale. Idris anaomba m'manja. "Zikutuluka, bambo! Tawerengani nokha!"

A Silvester anayang'ana pa sikirini, koma anangoona chifunga chokhachokha ngati cha m'mawa wa mu Juni. "Takuza zilembozo." Idris anazikuza. "Wonjezera." Anawonjezera mpaka mawu atatu anadzaza sikirini yonse, koma sizinathandize. Papepala ankadalira zala ndi belu, pomwe kompyuta imafuna munthu aone podina ndi posunga kalata. Anachotsa manja pamabatani. Manyazi ndi mkwiyo zinawagwira, ndipo panalibenso woti amukalipire.

Mwezi unatha. Komiti inawathokoza mwaulemu, ulembi n'kupereka kwa membala wina, mayi Sheila. Apa m'pamene a Silvester anapita okha kwa Pauline, chipewa chili m'manja. "Kuja unkanena kuja, amayamba nthawi yanji?"

Kuchipatala cha boma anawapima, nawapatsa tsiku. Ntchito yochotsa ng'ala m'diso loyamba sinakwane n'komwe ola limodzi. M'mawa mwake atawamasula bandeji, anaphethira kangapo, kenako anamuyang'anitsitsa Pauline amene anaima pambali pa bedi.

"Iwe, imvi zimenezi unayamba liti?"

"Chaka chachitatu chino, amalume."

A Silvester anafuna kuseka, koma inatuluka ndi misozi.

Phunziro: Maso akayamba kuchita chifunga, musathamangire kukonza zipangizo kapena kumvera zoopseza za pabawo. Pitani kuchipatala msanga, zinthu zisanakudutseni.