Mchenga M'mano mwa Nicanor

Nicanor anatapa ufa wa laimu ndi chala, nauika pakati pa mano monga ankachitira m'mawa uliwonse pa fakitale ya laimu ya mumzinda wa Arequipa. Unalira kuti khrr! Thupi lonse linachita tsembwe.

Ufa wabwino sulira m'mano. Gudumu la m'makina osefera ufawo lili ndi zipsepse zachitsulo ndipo limazungulira mwaukali. Mphepo imakoka ufa wosalala kudutsa pakati pa zipsepsezo, koma timibulu tolemera timamenyedwa n'kubwerera kuchigayo. Mchenga ukadutsa, ndiye kuti chipsepse chathyoka, ndipo gudumu lopunduka likamathamanga chonchi silichedwa kuphulika.

Pachitseko penipeni pa makinawo panali Baltasar, mwamuna wa mchemwali wake, akumanga matumba.

"Alamu, chokanipo pamenepo!" Nicanor anakuwa.

"Mwayambanso, madala?" Baltasar anaseka. "Mano atsala anayi okha, koma matama ngati labotale!"

Injiniya Yesenia, woyang'anira ntchito, sanachotse maso pa kompyuta. "Manambala ali bwinobwino, bambo Nicanor, ndipo lole ikudikira. Mwezi watha munazimitsa makina chifukwa cha mano anuwo. Tinapeza chiyani? Palibe. Ndinakuuzani kuti kachiwiri mudzalongedza."

Kunena zoona, Nicanor anachita mantha, mantha enieni. Ndani angalembe ntchito nkhalamba yotsokomola fumbi? Nanga kakakhala kamwala ka mu buledi wa m'mawa? Anatapanso ufa. Khrr! Anayesa kuganiza mawu omwe akanauza mchemwali wake pakhomo madzulo ano gudumulo litapha Baltasar, koma sanawapeze. Aaa, mbewa yamanyazi inafera kuuna. Anamenya batani lofiira lozimitsira makina.

Gudumu linatenga nthawi kuti liime. Yesenia, ali ndwii, anamasula yekha chitseko n'kuunika ndi tochi. Chipsepse chimodzi panalibe. Ziwiri zoyandikana nacho zinali zong'aluka, zitangotsala pang'onong'ono. Atakhudza chimodzi ndi chala, chinagwera m'manja mwake.

Baltasar anayang'ana chitsulocho, kenako chitseko chija, chomwe chinali mulingo umodzi ndi mutu wake. Anakhala pansi, pafumbi pomwepo.

"Alamu," anatero motsitsa mawu, "miyendo yangayi yakana. Dzandigwireni."