Mafunso Amene Anabisala M'manja mwa Nathovu

Lachiwiri m'mawa zofunda za hotela zinalowa m'makina ochapira zili zoyera mbee, koma zinatuluka zili pinki.

Mwini bizinesi yochapayo anali mayi wina amene anthu a mumsewumo ankangomutcha Nathovu, poti manja ake sankasowa sopo. Tsikulo anangoima pakhomo la chipinda chochapiramo, mkono wamanja uli m'chikhakha. Anali ataterereka pa simenti yonyowa masabata awiri m'mbuyomo, ndipo ntchito inatsala m'manja mwa mwamuna wake ndi mlamu wake, mchemwali wa mwamunayo. Aka kanali kachiwiri kulakwitsa. Sabata yathayo cholembera chinaphulikira m'thumba la jekete la wophika wa ku hotelako.

Mkulu wa hotela sanazungulire pa foni. "Mayi, ndimakulemekezani. Koma katundu wa Lachisanu akabweranso wolakwika, tifuna ena otichapira."

Hotela imeneyo ndiyo inkadyetsa banja lonse. Nathovu anachita mantha, ndipo manthawo anatulukira mu ukali.

"Alamu, kodi sindinakuuzeni kachapidwe kake?"

"Munandiuza," anayankha mlamuyo misozi ili m'maso. "Landirani, chapani, yanikani, sitani, pindani. Zonse zisanu ndachita."

Mwamuna wake anapisa dzanja m'makina n'kutulutsa kansalu kofiira kopukutira pakamwa. "Wolakwa ndi uyu, mayi. Mumukalipire."

M'chipindamo palibe anaseka. Amene anaseka ndi neba wawo, mayi wogwira ntchito yolangiza mabizinesi ang'onoang'ono, ataona zofunda zili pachingwe.

"Aneba, kodi hotela yasintha mtundu?" anafunsa ali kuseri kwa mpanda. Atamva nkhani yonse analeka nthabwala, n'kubwera ndi katoni yakale ndi cholembera chachikulu.

"Tijambule mmene ntchito yanu imayendera," anatero mlangiziyo, akuyala katoniyo pa tebulo losita. "Zizindikiro zofunika n'zinayi zokha. Ichi chooneka ngati dzira chimasonyeza poyambira ndi pothera. Bokosi la ngodya zinayi ndi ntchito imodzi yoti munthu achite. Kamuvi kamasonyeza kolowera mukamaliza. Ichi chosongoka kumwamba, pansi ndi m'mbali timachitcha daimondi. Chimenechi ndi funso, ndipo yankho lake ndi inde kapena ayi."

Nathovu anatchula ntchito zake zisanu. Mlangizi anajambula dzira pamwamba, mabokosi asanu mondondozana, ndi dzira lina pansi.

"Daimondi palibe?"

"Ntchito yanga ilibe mafunso, aneba. Si sukulu iyi. Ine ndimangochapa basi."

Mlangizi sanatsutse. Anakhuthulira pansi thumba la zovala zakuda n'kunena kuti, "Tandionetsani ndi dzanja lamanzerelo mmene mumaikira m'makina."

Nathovu anawerama. Anatola chofunda, n'kuchikutumula, n'kuchiika m'dengu. Anatola thaulo lobiriwira n'kuliponya kumbali osaliyang'ana n'komwe.

"Imani pomwepo! Ilo mwaliponyeranji uko?"

"Si loyera."

"Ndiye kuti mwadzifunsa kuti, kodi n'choyera? Ameneyo ndi daimondi."

Kenako Nathovu anatola malaya a woperekera zakudya, zala zake n'kulowa zokha m'thumba. Mlangizi anamuimitsanso. Kodi m'thumba muli kanthu? Daimondi wachiwiri. Atafika pa nsalu yatsopano ya pa tebulo, yoyera koma ya mpendero wabuluu, Nathovu ananyowetsa kangodya kake n'kukakanikiza pa kansanza koyera. Kodi ikusuluka? Daimondi wachitatu.

Nathovu anakhala pa mpando. Zaka khumi ndi ziwiri manja ake ankafunsa mafunso amenewa tsiku lililonse, koma pakamwa pake sipanawatchulepo ndi kamodzi komwe. Anachita manyazi kwambiri.

"Alamu, mundikhululukire. Ndinakupatsani mabokosi okhaokha, mafunso ndinatsala nawo ndekha."

"Zatha, alamu," anatero winayo akupukuta m'maso. "Ine ndimayesa kuti mutu wangawu ndi umene uli woperewera."

Mwamuna wake, amene sankafuna kutsalira pa zanzeru, analanda cholembera n'kujambula madaimondi atatuwo bwinobwino. Daimondi aliyense anam'patsa kamuvi kamodzi kolozera pansi.

"Bambo, mwajambula mokongola, koma mwatseka khomo limodzi," anatero mlangizi. "Pa funso lakuti kodi n'choyera, mwaika njira ya inde. Nanga munthu akapeza chofiira apite nacho kuti?"

"Aganize yekha."

"Akaganiza yekha ndiye pinki uja. Daimondi aliyense akhale ndi mivi iwiri, wa inde ndi wa ayi, ndipo muvi uliwonse ukafike penapake."

Anakonza. Muvi wa ayi unapita ku bokosi lakuti "Ikani m'dengu la zamitundu." Pa funso la thumba, inde anapita ku "Tulutsani, sungani mu envelopu ya hotela," kenako n'kubwerera mumzere. Pa funso la kusuluka, inde anapita ku "Chapani pachokha m'beseni." Pamwamba pa madaimondi onse anawonjezera bokosi limene Nathovu anali ataliiwalanso: "Kutumulani chilichonse." Katoniyo anaikhoma pakhoma, pafupi ndi makina.

Lachinayi katundu wa hotela anafika matumba anayi. Mwamuna wake ndi mlamu uja anamukhazika Nathovu pa mpando panja pa chitseko, n'kumuletsa kuyankhula. Zinali zovuta kuposa kuthyoka mkono. Anaona mlamu wake akukutumula chofunda, ndipo m'kati mwake munagwa nsalu yoyera ya maluwa ofiirira, yatsopano. Nathovu anafuna kumuchenjeza, koma anadziletsa.

Mlamuyo anayang'ana pakhoma, chala chikutsata mivi. Ananyowetsa kangodya, n'kukanikiza pa kansanza. Kansanzako kanafiira. Anatenga nsaluyo n'kupita nayo ku beseni osafunsa munthu.

Lachisanu mkulu wa hotela anafunyulula zofunda chimodzichimodzi pamaso pawo, akuyang'ana uku ndi uku ngati wogula nsalu pamsika. Atamaliza anafunsa, "Mkono wachira, mayi? Ndikuona mwabwerera pa ntchito."

"Ayi, bwana. Sindinakhudzeko ngakhale chimodzi. Achapa ndi alamu angawa."

Mkuluyo anayang'ana mlamuyo n'kugwedeza mutu. "Lolemba mubwere mudzatenge makatani a hotela yonse."

Ntchito imene ili m'mutu mwa munthu mmodzi imaima tsiku limene munthuyo wadwala. Ijambuleni poonekera: dzira poyambira ndi pothera, bokosi pa chochita chilichonse, kamuvi posonyeza kolowera, ndi daimondi paliponse pamene pali posankha. Musanadzudzule wokuthandizani, fufuzani kaye ngati munamuuza mafunso onse amene inu mumadzifunsa mumtima, ndi choti achite pa inde komanso pa ayi.